Tisanasonkhe za ampulifaya yatsopano, tiyambe taitsegula yakale

Nkhani ya sabata ino taitola pa msonkhano wa khonsolo ya parishi ina m'komboni ya Kanyama, kumene ife timathandizako pa nchito ya ukatekisi. Misa yaciwili itatha tinakhala pansi kuti tikambilane dandaulo limene lakhala likumveka kwa miyezi ingapo, lakuti akhristu okhala ku mabenchi a kumbuyo samva bwino mau ocokela kutsogolo. Wowelenga amamveka ngati akulankhulila mumtsuko, cilengezo ca malilo cimafika codukaduka, ndipo kwaya ikakweza nyimbo masipika amayamba kusasa mau. A pampando anaimilila nati: "Abale, tisataye nthawi. Ampulifaya iyi yakalamba. Inagulidwa ana athu ena amene lelo ali pa banja akali kukwawa. Cinthu ca magetsi cikakalamba mau amatha. Cigawo ciliconse cisonkhe, tigule yatsopano."

Ambili anaomba m'manja. Koma amai ena amasiye, amene amagulitsa tomato pa msika wa Soweto, anakweza dzanja nafunsa mwaulemu: "Pepani atate, kodi amene anaitsegula n'kuona kuti yakalamba ndani?" M'cipindamo munangoti zii. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ataonapo mkati mwake.

Funso la amai aja ndilo tabwela nalo kwa inu, cifukwa nkhaniyi si ya ku Kanyama kokha. Ku Matero, ku Chawama, ku Mtendere, ku George ndi ku Kalingalinga, kulikonse kumene kuli chalichi, holo ya sukulu kapena gulu lobweleketsa zokuzila mau pa malilo ndi pa maukwati, mau akangoyamba kuvuta ciweluzo cimakhala comweco: yakalamba, tisonkhe. Ngakhale alimi amene ali ndi kaampulifaya ka batile ya sola kogwilitsa nchito pa misonkhano ya kopaletivu amakamba cimodzimodzi. Tisaiwale kuti ndalama zosonkhazo zimacotsedwa pa ndiwo za ana ndi pa za feteleza.

Maganizo athu ndi awa. Ampulifaya siikalamba yonse pamodzi ngati munthu. Mkati mwake mumakalamba tizinthu towelengeka, tambili mwa ito tochipa, ndipo cimene cimaononga tizinthuto msanga si kuculuka kwa zaka ai, koma kutentha, fumbi, cinyezi ndi kagwilidwe kathu.

Cikhulupililo cakuti mau amatha ndi ukalamba cili ndi pocokela pake, ndipo makolo athu sanali kunama. Mu 1949 muno m'dziko munafika kawailesi kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, kogulidwa ndi mapaundi 5. Anakapanga ndi a kampani ya Ever Ready ya ku Britain, atawanyengelela Harry Franklin, amene anali mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, kuti anthu akuda azimvela mapulogilamu a m'zinenelo zao ocokela ku Central African Broadcasting Station muno mu Lusaka. Mkati mwa kawailesiko munali mavavu, timababu tagalasi timene timagwila nchito tikatentha. Vavu imathadi pang'onopang'ono, ndipo ikamafooka mau amacepa ndi kuzilala. Batile nayo ikamatha, wolengeza anali kumveka ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Amene anakula ndi wailesi yotelo anaphunzila kuti ca magetsi cimatopa ndi zaka, ndipo anatiphunzitsanso ife.

Koma zinthu zinasintha. Transisita inapangidwa mu 1947 ku Bell Laboratories ku America, ndipo pofika m'ma 1970 inali italowa m'malo mwa vavu pafupifupi m'zokuzila mau zonse. Maampulifaya a m'machalichi mwathu ndi a matransisita. Transisita ikamagwila nchito mosapyola muyeso wake imatha zaka makumi angapo osasintha mau. Ikafa, kawilikawili imafa kamodzi n'kamodzi, fyuzi n'kupsa, mbali imodzi n'kukhala duu. Siifooka pang'onopang'ono ngati vavu.

Nanga cimene cimakalamba n'ciani? Coyamba ndi makapasita, makamaka aja ooneka ngati tizitini toimilila. Mkati mwa kacitini kalikonse muli pepala lonyowa ndi mankhwala amadzi, ndipo kunsi kwake kuli kalabala kotseka. Makapasita aakulu amasunga magetsi monga mmene thanki imasungila madzi, kuti ng'oma ya pa kiibodi ikagunda mwamphamvu ampulifaya ipeze potunga msanga. Amasalazanso magetsi ocokela ku khoma, amene muno m'Zambia amabwela pa mavoti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Madzi a mkatiwo amauma pang'onopang'ono kudzela pa kalabala kaja. Akauma mudzamva kung'ung'udza kosalekeza m'masipika ngakhale palibe amene akulankhula, mau a besi amacepa mphamvu, ndipo mukangokweza pang'ono mau amayamba kusweka. Mmisili akatsegula amapeza tizitini tina tatupa pamutu kapena tadontheza zinthu zouma ngati dzimbili. Alimi mukudziwa bwino za mpope wopopela thonje kapena tomato: kalabala ka mkati kakauma mpope umaleka kukankha mankhwala, koma palibe mlimi wanzelu amene amataya mpope wonse cifukwa ca kalabala.

Apa tiyeni tiwelengele limodzi, pakuti masamu ake ndi osavuta. Pa thupi la kapasita pamalembedwa madigili 85 kapena 105. Makapasita ambili wamba opanga ake amawalonjeza maola ngati 2,000 pa kutentha kolembedwako, ndipo lamulo limene amisili amatsatila ndi lakuti kutentha kukatsika ndi madigili 10, moyo wa kapasita umawilikiza kawili. Ndiye kuti kapasita ya madigili 85 ikamakhala pa madigili 65 ingafike maola 8,000, ndipo pa madigili 45 ingafike maola 32,000. Ampulifaya ya pa bala yolila maola 12 tsiku lililonse imadya maola 4,380 pa caka, conco ngati mkati mwake mumatentha kufika madigili 65, zaka ziwili sizikwana. Ya pa chalichi yolila maola 10 pa sabata imadya maola 520 cabe pa caka, ndipo ikakhala pamalo popita mphepo maola sangaithele msanga, ngakhale kuti opanga amacenjeza kuti pakapita zaka ngati 15 kalabala kaja pakokha sikakhalanso kodalilika. Mwaona tsopano kuti maampulifaya awili ogulidwa tsiku limodzi, ina ingakhale nkhalamba pamene inzake ikali namwali. Kufunsa caka cimene inagulidwa sikukwanila. Funsani kumene yakhala ikugona ndi nchito imene yakhala ikugwila.

Ndiponso catsopano si ndiye kuti ndi colimba. Pakati pa 1999 ndi 2007 pa dziko lonse panafalikila makapasita opangidwa ndi mankhwala olakwika, ndipo makompyuta, mawailesi akanema ndi zokuzila mau zambili za zaka zimenezo zinafa zikali zatsopano, pamene zina za m'ma 1980 zinali zikali kugwila nchito. Cikomekome ca nkuyu, mkati muli nyelele. Bokosi lonyezimila lokhala ndi timagetsi tobiliwila ndi nambala yaikulu ya mawati yolembedwa kutsogolo silitiuza ciliconse za zimene zili mkati.

Caciwili cimene cimakalamba ndi malo onse amene citsulo cimakhudzana ndi cinzake: makonobo opotokola pokweza mau, mabowo olowetsamo mawaya, maswichi, ndi mtovu umene amaochelela nao tizipangizo pa bolodi. Fumbi ndi dzimbili zikalowa, mumamva kuthetheka popotokola konobo, kapena mbali imodzi imaduka mpaka wina amenye bokosi ndi cikhato. Mtovu nao umang'aluka cifukwa ca kutentha ndi kuzizila mobwelezabweleza, ndiponso cifukwa ca kugwedezeka pa wilibala ndi m'minibasi popita ku malilo. Zonsezi mmisili amazitsuka ndi mankhwala ake opopela kapena kuziochelelanso. Cokhaco, musathilemo mafuta ophikila kapena palafini monga tinaonela kwina.

Tsopano tione mmene ife eni timasungila zipangizozi. Poopa akuba, ampulifaya timaitsekela m'kabati ya citsulo yopanda kabowo kalikonse, pansi pa denga la malata, m'mwezi wa Okutobala. Poopa fumbi, azimai a mtima wabwino amaifunditsa nsalu yopetedwa bwino, imene imatseka mabowo otulukila kutentha. Kuyambila Ogasiti mphepo imanyamula fumbi la m'miseu ya m'komboni n'kulidzaza m'fani mpaka fani imaleka kuzungulila. Mvula ikabwela, ife a ku Kanyama timadziwa mmene madzi amaimila m'mayadi kwa masabata, ndipo cinyezi cimakwela m'zipupa n'kufika pa bolodi. Mphemvu zimakonda pofunda, makoswe amatafuna mawaya, mavu amamanga zisa zao za dothi. Kodi tinganene kuti zonsezi ndi ukalamba?

Pali nkhani ya malaiti. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, panafika nthawi imene makina amodzi okha mwa 6 a mbali ya Zambia ndiwo anali kuzungulila, ndipo m'madela ena malaiti anali kupita kwa maola oposa 20 pa tsiku. Maparishi ambili anathawila ku tumajeneleta tobweleka. Kajeneleta kakang'ono sikapeleka magetsi okhazikika, makamaka pongokaliza kumene ndi pamene mafuta akutha. Ampulifaya imene inali yolumikizidwa pa nthawi zotelo inalandila nkhonya zambili m'caka cimodzi kuposa zimene inalandila m'zaka khumi. Lamulo lake ndi lapafupi: lizani jeneleta, idekhe, yatsani mikisa, ampulifaya ikhale yothela kuyatsidwa ndiponso yoyamba kuzimitsidwa. Malaiti akapita, zulani pulagi ku khoma. Inu a batile ya sola, dziwani kuti batile ikatsika mau amasweka ngakhale ampulifaya ili bwinobwino.

Cina ndi katundu amene timaisenzetsa. Kumbuyo kwa ampulifaya kumalembedwa maomu ocepetsetsa amene ingapilile, kawilikawili 4. Sipika imodzi ya maomu 8 ili bwino. Ziwili zotelo zikalumikizidwa mbali imodzi, waya wofiila ku wofiila, wakuda ku wakuda, zimakhala maomu 4. Zikakhala zinayi zimatsika kufika maomu 2, ndipo ampulifaya imakoka magetsi opyola muyeso n'kutentha ngati mbaula. Pa malilo aakulu timaona anyamata akuonjeza sipika pamwamba pa sipika kuti mau afike ku mseu, kagetsi kofiila kocenjeza kakuyaka kosalekeza, iwo osalabadila. Ngolo ya ng'ombe ziwili siisenzetsedwa katundu wa lole. Ndipo mau oswekawo ndiwo amaocha tumasipika tating'ono ta mau okwela. Akulu anati ng'oma yolilitsa siicedwa kung'ambika.

Apa tafika pa mfundo imene ambili amaiphonya: nthawi zambili wolakwa si ampulifaya konse. Mau amayenda ulendo kucokela pakamwa kupita ku maikolofoni, m'mawaya, mu mikisa, mu ampulifaya, m'masipika, m'cipinda, mpaka m'khutu. Maikolofoni imene yapumilidwa ndi anthu mazana kwa zaka, kansalu kake ka mkati kamadzala malovu ouma ndi fumbi, ndipo mau amatuluka ofunditsidwa. Mawaya amathyokela mkati pafupi ndi pulagi. Masipika ndiwo amakalambadi mooneka, pakuti pepala lake limang'ambika ndipo mkombelo wake wofewa umafumbutuka. Kasipika ka mau okwela kakapsa, nyimbo imamvekabe koma mau a munthu amakhala ngati a mumtsuko, ndendende dandaulo la ku mabenchi a kumbuyo. Cipinda naco cili ndi mbali yake. Machalichi athu ambili anakuzidwa, zipupa za simenti, pansi pa simenti, denga la malata, pamene masipika akali awili omwe aja a kutsogolo. M'nyumba yotelo mau amabwelelabwelela, ndipo kukweza voliyumu kumangoonjezela cisokonezo.

Cothela pa ulendowo ndi khutu, ndipo apa tidziloze tokha. Mwana wamng'ono amamva mau okwela kufika pa kunjenjemela ka 20,000 pa sekondi, koma zaka zikamapita mau okwelawo ndiwo amayamba kutithawa. Ife a zaka za m'ma 50 tayamba kale kuona kuti zilembo monga s, f ndi ts zimasowa, moti munthu timamumva kuti akulankhula koma osagwila cimene wanena. Amene anagwila nchito pa cigayo, m'fakitale kapena pophwanya miyala, zimawafikila msanga. Tikamati ampulifaya iyi kale inali kulila bwino, tikuyelekeza ndi zimene tinamva ndi makutu a zaka 30. N'zowawa kuvomela, koma mwina pa zinthu zonse za m'chalichimo cimene cakalamba kwambili ndi ife a m'khonsolo.

N'cifukwa cake tikuti tiyese tisanagule, ndipo tiyese moona mtima. Khutu limanyengeka msanga. Cimene calila mokwelako pang'ono cimamveka ngati cabwino, ndipo cimene maso aona kuti ndi catsopano mtima umacikondela. Mu 1987 magazini ya ku America ya Stereo Review inaika anthu omvetsela nyimbo pa mayeso, osawaonetsa kuti ikulila ndi ampulifaya iti, italinganiza kukwela kwa mau. Anthuwo analephela kusiyanitsa modalilika yochipa ndi yodula kwambili, malinga zonse zinali zamoyo ndiponso zosakakamizidwa kupyola mphamvu zake. Ifenso tingacite cimodzimodzi popanda kulipila. Bwelekani ampulifaya yabwino ku parishi ya pafupi. Gwilitsani nchito maikolofoni, mawaya ndi masipika anu omwewo, wowelenga mmodzi, ndime imodzi, kukwela kwa mau kofanana. Khazikani acinyamata ndi acikulile ku mabenchi a kumbuyo atafulatila. Ngati vuto latha ndi yobwelekayo, ndiye kuti yanu ikudwaladi, ipite kwa mmisili. Ngati vuto likalipo, sinthani cinthu cimodzicimodzi, maikolofoni, kenaka mawaya, kenaka masipika, mpaka wolakwa apezeke.

Ena adzati amisili ena ndi akuba, amacotsa zabwino n'kuikamo zakutha. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo ifenso zinaticitikilapo. Mankhwala ake ndi kupita anthu awili, kupempha kuti atsegule inu mukuona, kugwilizana mtengo nchito isanayambe, ndi kutenga tizipangizo takale timene acotsa. Makapasita atsopano akhale a muyeso wofanana ndi akale, ndipo ngati alipo a madigili 105 sankhani amenewo. Koma musatsegule nokha kunyumba. Makapasita aakulu amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo angakuvulazeni.

Sitikunena kuti kugula yatsopano ndi kulakwa nthawi zonse. Ngati thiransifoma yapsa, ngati madzi analowa n'kudya bolodi, ngati yakonzedwa kangapo n'kumafabe, kapena ngati mtengo wokonzela wayandikila mtengo wogulila, gulani ndi mtima woyela. Ngati mpingo wakula kuposa mphamvu ya ampulifaya, gulani. Ngati mwasamukila ku sola, maampulifaya amakono opepuka a mtundu wa Class D amadya magetsi ocepa ndipo satentha kwambili, conco batile imakhalitsa. Zifukwa zimenezi zimaoneka ndi maso ndipo zingafotokozedwe kwa osonkha. Koma mau akuti yakalamba, pa okha, si cifukwa.

Mwina mukufuna kudziwa mmene zinathela kwathu. Khonsolo inavomela kudikila masabata awili. Mnyamata wina wa m'kwaya, amene anaphunzila za magetsi, anatsegula bokosi lija pamaso pa anthu atatu. Anapeza fani itagwidwa ndi fumbi, cisa ca mavu pakona, ndi makapasita awili otupa. Kasipika ka mau okwela ka mbali ya azibambo kanali katapsa kalekale popanda wozindikila. Zonse pamodzi zinadya ndalama zosafika mtengo wa thumba limodzi la feteleza. Kung'ung'udza kunatha ndipo zowelenga zinayamba kumveka. Komabe sitinganame kuti zonse zinakhala bwino. Kumbuyo kwenikweni mau anali akali kubwelelabwelela, ndipo kumeneko kunafunika sipika ina yaing'ono pakati pa chalichi, imene tinasonkhela ndithu, koma tikudziwa cimene tikusonkhela. Ambuye ena aamuna amene anali patsogolo kudandaula anapitilizabe kusamva, mpaka adzukulu ao anawanyengelela kuti azikhala pa benchi yaciwili ndi kukapimitsa makutu ku cipatala.

Conco abale ndi alongo, pa Sondo likudzali pitani mukaone kumene ampulifaya yanu imagona. Icotseni nsalu, iboolele kabati mabowo a mphepo, ikwezeni pamwamba kutali ndi cinyezi, ipukuteni fumbi nyengo ya mphepo ikatha, ndipo welengani masipika amene mwaisenzetsa. Pakhale munthu mmodzi kapena awili odziwika oigwila, osati aliyense wodutsa. Ndipo tsiku limene wina adzaimilila pa msonkhano nati yakalamba, tisonkhe, pakhale wina wolimba mtima wofunsa funso la amai a tomato aja: kodi amene anaitsegula n'kuona ndani?